MWENDO WA MUNTHU WOGONA AUSUNGA NDANI?

Abale ndi alongo a m'nthambi zathu za ku Chintheche, Kande, Mpamba ndi Usisya, nkhani ya mwezi uno ndi ya chipatala. Pa misonkhano yathu timakamba kawirikawiri za mankhwala, za ambulansi ndi za nyumba za anamwino, ndipo kutero nkoyenera. Koma pali zinthu zina zimene sizitchulidwa pa bwalo liri lonse, chifukwa zimakhala kuseri kwa chitseko cha fiyeta, kumene munthu wamba salowako kukaona. Tikunena matabwa, malamba, mitsamiro ndi zitsulo zimene zimagwira dzanja ndi mwendo wa wodwala pamene madotolo ali kumchita opareshoni. Ganizo lathu ndi ili: zipangizo zimenezi zilowe m'gulu la zinthu zimene ife a m'mbali mwa nyanja tifunsa kwa atsogoleri athu, ndipo pofunsapo tizitchule maina ake chimodzichimodzi.

DZANZI NDIYE MLONDA

Tonse tidziwa dzanzi. Mukakhala pa mphasa nthawi yaitali, kaya pa maliro kaya pa mlandu kwa amfumu, mwendo umayamba kunyerenyesa ndi kulemera, ndipo inu, osaganiza nkomwe, mumauongola kapena kutembenukira mbali yina. Ngakhale muli m'tulo, thupi limadzitembenuza lokha usiku wonse. Dzanzi ndiye mlonda amene amachenjeza kuti mtsempha wapanikizika ndipo magazi sakuyenda bwino.

Tsono munthu akapatsidwa mankhwala ogonetsa, kapena jekeseni ya pamsana imene imaziziritsa thupi kuyambira m'chiuno kutsika, mlonda uja nayenso amagona. Mkono ukalendewera pambali pa tebulo, mwini wake sadziwa. Bondo likatsamira chitsulo, sangathe kulisuntha kapena kudandaula. Opareshoni imatha kutenga ola limodzi, maola awiri kapena anai, ndipo nthawi yonseyo chiwalo chimakhala pomwe anachiika.

Taonani zimene zimatsatira. M'thupi muli mitsempha ya magazi, ndiponso muli mitsempha yina yonga ulusi woyera imene imanyamula mphamvu ndi kumva kuchokera ku msana kupita ku zala. Wina wa iyo umadutsa kuseri kwa chigongono, pamalo paja pamene mukagundapo dzanja lonse limachita ngati mwagwira magetsi. Ukapanikizika nthawi yaitali pa ngodya ya tebulo, chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zimafa dzanzi, ndipo dzanja silifumbata zolimba. Nanga msodzi wa dzanja lotere asoka bwanji chilimira, apalasa bwanji nkhafi? Wina umazungulira kunja kwa mwendo, pansi pa bondo pang'ono. Ukapsinjika, phazi limagwa, munthu amayenda akulikoka, ndipo patapata imangobvuka yokha m'njira. Paphewa napo pali mtolo wa mitsempha yotere, ndicho chifukwa chake madotolo amaphunzitsidwa kuti mkono wa wogona usatambasulidwe kupitirira mulingo wa phewa, chifukwa ukapitirira mitsemphayo imakokeka. Ndipo chidendene kapena kumapeto kwa msana pakatsamira pouma, khungu limafa ndi kutsegula chironda chimene chimachedwa kupola kuposa bala la mpeni wa dotolo.

Tinene zoona zake: ambiri obvulala motere amachira pakapita masabata kapena miyezi. Koma alipo ena amene sachira, ndipo ngakhale kwa wochirayo, miyezi itatu yosagwira khasu m'munda wa chinangwa kapena yosalowa m'bwato ndi njala pakhomo.

ZIPANGIZO ZAKE NDI ZITI?

Kuti tisamangonena m'malere, tiyeni tizitchule. Pali thabwa la mkono, limene amalumikiza m'mbali mwa tebulo, lokhala ndi kamatiresi kake ndi lamba womangira. Pali mizati iwiri yokwezera miyendo, imene imafunika pa maopareshoni ambiri a amai ndi a njira ya mkodzo kapena ya chimbudzi. Yabwino imagwira mwendo mofewa osatsamiritsa bondo ku chitsulo, ndipo miyendo yonse iwiri iyenera kukwezedwa ndi kutsitsidwa pamodzi kuti chiuno ndi msana zisapotoke. Pali zotchinjiriza zimene zimagwira munthu wogonekedwa chammbali kuti asagubuduke pamene akumkonza m'chiuno. Pali timatumba ta mchenga ndi mitsamiro yokutidwa ndi nsalu yosalowa madzi. Pali kamtsamiro koika pansi pa chiuno chakumanja cha mai wobereka mwa opareshoni, kuti apendekekere kumanzere pang'ono ndipo mimba isapsinje mtsempha waukulu wobwezera magazi ku mtima. Ndipo pali zomangira zazing'ono za chitsulo, za mabauti, zimene zimalumikiza zonsezi ku tebulo. Chomangira chimodzi chikasowa, mzati wathunthu umasanduka chitsulo chopanda nchito.

Pamwamba pa zonsezi pali tebulo lalikulu lokokera mwendo wothyoka. Phazi amalibveka chinsapato cholimba, pakati pa miyendo amaikapo mzati wokutidwa bwino, ndipo akapukusa chigwiriro mwendo umakokeka pang'onopang'ono mpaka mbali ziwiri za pfupa zitayang'anana. Minofu ya m'nchafu ndi yamphamvu kwambiri, ndipo pfupa likathyoka imakoka zidutswazo kuti zipitirirane. Pamene palibe tebulo lotere, nchito imeneyi imagwera munthu wothandiza dotolo, amene amakoka ndi manja ake. Manja a munthu amatopa, amanjenjemera, ndipo wogwira mwendoyo sangathenso kupatsira zida.

CHITSULO CHIMENE CHINAPULUMUTSA ASILIKARI

Wina anganene kuti tikukuza nkhani ya matabwa ndi malamba chabe. Tamverani mbiri iyi. Ku Liverpool kunali dotolo wa mafupa dzina lake Hugh Owen Thomas. M'chaka cha 1875 iye analongosola chida chosabvuta: mkombero wokutidwa ndi chikopa wolowa mpaka kumtunda kwa nchafu, ndi ndodo ziwiri za chitsulo zotsika m'mbali mwa mwendo ndi kukumana kupitirira phazi. Mwendo umagona pakati pake pa nsalu, ndipo phazi amalikokera kumapeto. Pa Nkhondo Yaikulu Yoyamba, mphwake Robert Jones analimbikira kuti asilikari oomberedwa m'nchafu abvekedwe chitsulo chimenechi asananyamulidwe. Mabuku a madotolo amanena kuti m'chaka cha 1916 mwa asilikari 100 obvulala chotere ankafa ngati 80, koma pofika 1918 ankafa osakwana 20. Nthawi imeneyo kunalibe penisilini. Chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene zinasintha chinali kagwiridwe ka mwendo.

Chifukwa chake nchosabvuta kumva. Pfupa la nchafu likathyoka, munthu amatha kutaya magazi okwana lita imodzi kapena kupitirira m'kati mwa nchafu momwemo, osaoneka kunja. Msonga za pfupa zikamagwedezeka pa ulendo, zimacheka minofu ndi mitsempha, magazi naonjezeka. Tsono ganizirani ulendo wathu kuno. Wobvulala pa njinga yamoto ya kabaza ku Chintheche ali ndi makilomita ngati 40 kuti afike ku boma, ndipo wa ku Kande ali ndi oposa pamenepo. Akamtumiza ku Mzuzu, aonjezere ena pafupifupi 50 a msewu wokwera mapiri wodzera ku Mpamba. Nanga wa ku Usisya, amene njira yake ndi phiri lotsetsereka kapena bwato pa mafunde a mwera? Mwana wogwa mu mtengo wa mango kumeneko amafunika chogwira mwendo wake tsiku lomwelo, asanaone nkomwe chitseko cha fiyeta.

MASABATA ASANU NDI LIMODZI PA BEDI

Amene munadikirirapo wodwala m'wodi ya abambo mudziwa mabedi aja okwezedwa kumiyendo, ndi chingwe chodutsa pa kagudumu, ndi cholemera cholendewera kumapeto. Amaboola pfupa pansi pa bondo, nalowetsa kachitsulo, namangirira chingwe, ndipo cholemeracho chimakhala ngati gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa munthuyo. Umu ndi mmene akuluakulu ambiri othyoka nchafu m'zipatala za maboma m'Malawi muno akhala akuthandizidwira. Wodwala amagona masabata asanu ndi limodzi, asanu ndi atatu, ngakhale kuposa, ndipo womdikirira nayenso amasiya munda ndi ana kukakhala ku chipatala.

Njira yina iripo. M'chaka cha 1939 dotolo wa ku Germany, Gerhard Küntscher, anayamba kulowetsa msomali wautali wa chitsulo m'mphako ya m'kati mwa pfupa, kuti ulilumikize chamkati. Wochitidwa chotere amadzuka pa ndodo pakapita masiku owerengeka. Madotolo a kwathu kuno anafufuza njira ziwirizi. M'chaka cha 2020 Dr Linda Chokotho ndi anzake anasindikiza zimene anapeza potsatira odwala 187 a m'Malawi kwa chaka chathunthu, ndipo zinaonetsa kuti oikidwa msomali amabwerera msanga ku moyo wao wa masiku onse, pamene ena mwa okokedwa ndi chingwe pfupa linakana kugwirana mpaka anafunikabe msomali womwewo. Kuwerengera kwina kochitika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kunapeza kuti kugoneka munthu pa chingwe masabata onse aja kumadya ndalama zambiri kuposa opareshoniyo. Motero njira imene ioneka yotchipa ndiyo yodula, kwa Boma ndi kwa banja lomwe.

Koma bedi la chingwe silidzatha mawa, ndipo nalonso liri ndi zofuna zake: chimango cholimba, kagudumu kozungulira bwino, chingwe chosaduka, ndi mtsamiro wosunga chidendene kuti chisakhudze matiresi. Kagudumu kakachita dzimbiri, cholemera chimangolendewera chabe osakoka kanthu, ndipo munthu amadzuka ndi mwendo umodzi waufupi moyo wake wonse.

ANTHU ODZIWA ALIPO

Nchito ya mpeni si yachilendo m'dera lathu lino. Dr Robert Laws, amene anachita opareshoni pogoneka munthu ndi mankhwala a chloroform ku Cape Maclear m'chaka cha 1876, anasamutsira mishoni yake ku Bandawe m'chaka cha 1881, ndipo makolo athu anathandizidwa pamenepo. Patapita zaka zoposa zana, m'chaka cha 1985, Dr Edward Blair anayambitsa maphunziro a miyezi 18 a madotolo a mafupa otchedwa Orthopaedic Clinical Officers, ndipo iwowa ndiwo amene amasamalira anthu ambiri othyoka mafupa m'zipatala za maboma. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chinatsegulidwa m'chaka cha 2000, cha Beit CURE ku Blantyre m'chaka cha 2002, ndipo cha LION, cha mafupa ndi ubongo, pafupi ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, m'chaka cha 2023. Boma lathu la Nkhata Bay nalo liri ndi chipatala chake chachikulu ku Mkondezi. Zonsezi nzoyamikika. Koma mmisiri wodziwa, mukammana sompho ndi mbedza yogwirira mtengo, bwato limene asema lidzakhala lokhota, ndipo mudzanena kuti mmisiriyo ndi wosadziwa.

Maiko onse anagwirizana kale pa mfundo imeneyi. M'chaka cha 2015 msonkhano waukulu wa bungwe la World Health Organization unabvomereza kuti opareshoni ndi mankhwala ogonetsa ndi gawo la chithandizo choyenera munthu ali yense. Chaka chomwecho akatswiri a Lancet Commission anati munthu ayenera kufika pasanathe maola awiri pa chipatala chotha kuchita zinthu zitatu: kutsegula pamimba, kubereketsa mai mwa opareshoni, ndi kukonza pfupa lothyoka lotulukira kunja. Pa zitatu zonsezi palibe ngakhale chimodzi chimene chingachitike bwino popanda kugoneka wodwala moyenera.

OTSUTSA ATI CHIANI?

Ena adzati, "Mankhwala a malungo akusowa, inu mukulira matabwa?" Tiyankha kuti mankhwala amagulidwa mwezi ndi mwezi, koma thabwa la mkono ndi mizati ya miyendo mukagula kamodzi ndi kuzisamala zimagwira nchito zaka zambiri. Sizilanda malo a mankhwala. Bvuto lake ndi lakuti palibe mtsogoleri amene amadula riboni pa lamba womangira mkono, ndipo chinthu chopanda riboni chimaiwalika polemba ndondomeko ya ndalama.

Ena adzati, "Tebulo lokokera mwendo ndi lodula, ndipo limafuna makina a ekisire a m'fiyeta ndi magetsi osathima." Apa otsutsa ali ndi mfundo, ndipo sitikuti Chintheche kapena Usisya alandire tebulo lotere. Maopareshoni akulu a mafupa malo ake ndi kumene kuli madotolo ake. Ndiponso iripo misomali ya mtundu wa SIGN, ya bungwe limene Dr Lewis Zirkle anayambitsa ku America m'chaka cha 1999, imene inapangidwira dala zipatala zopanda makina amenewo, ndipo yagwiritsidwa nchito m'zipatala zazikulu za dziko lino. Poika msomali wotere, bondo limatsamira pa chochirikiza wamba kapena pa mtsamiro wolimba. Choncho tiyambe ndi zazing'ono zimene zithandiza anthu ambiri, ndipo za tebulo lalikulu atiuze madotolo eni ake.

Enanso adzati, "Izi nza madotolo, anthu wamba zikutikhudza bwanji?" Inde, kugoneka wodwala ndi luso la madotolo ndi anamwino, ndipo ife sitikuwaphunzitsa nchito. Koma ndalama zogulira zida zimadutsa ku khonsolo ndi ku Unduna, kumene mau a makhansala, aphungu ndi mafumu amamveka. Dotolo akapempha yekha, kalata yake imagona m'kabati. Mutu umodzi susenza denga.

TICHITE CHIANI?

Choyamba, komiti yolangiza chipatala, m'mene mumakhala anthu oimira midzi, ipemphe mndandanda wolembedwa: matebulo a opareshoni alipo angati, liri lonse liri ndi matabwa a mikono, mizati ya miyendo, malamba ndi zomangira zake kapena ai, ndipo zothyoka ndi ziti. Kufunsa kotere si chipongwe. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a Boma linayamba kugwira nchito m'chaka cha 2020. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, pogula tebulo kapena polandira la mphatso, pasakhale kusaina mpaka zolumikiza zake zonse zitawerengedwa. M'maiko ambiri osauka muli matebulo abwino ofika ndi mtima wabwino, koma opanda mizati yake, kapena okhala ndi njanji za m'mbali za muyeso wina, kotero kuti zomangira zimene chipatala chiri nazo sizilowa. Amisiri a Unduna oyang'anira zida za chipatala aone kaye mphatsoyo isanakwere sitima.

Chachitatu, chipatala chiri chonse chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja, ambulansi iri yonse, ndi bwato liri lonse lonyamula odwala zikhale ndi machira olimba ndi zogwirira miyendo ndi mikono, za akulu ndi za ana. Chogwirira chikapita ndi wodwala ku boma, chibwerere ndi galimoto yomweyo. Nkhani imeneyi ilowe m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a kwa mafumu akulu, kuti ikafike ku khonsolo ndi ku thumba la CDF.

Chachinai, zina mwa zinthu izi zingapangidwe konkuno. Tiri ndi akalipentala, owotcherera zitsulo ndi atelala. Thabwa la mkono, chimango cha bedi, timatumba ta mchenga ndi zokutira mitsamiro si zinthu zoyenera kudikira sitima ya ku Ulaya. Koma muyeso upereke dotolo wa mafupa ndi mmisiri wa chipatala, ndipo iwo ndiwo abvomereze chinthucho chisanakhudze wodwala. Misomali ndi zonse zolowa m'thupi, zimenezo ai, si za pa shedi.

Chachisanu chiri kwa ife eni. Mukamapita ku opareshoni, uzani dotolo wogonetsa ngati muli ndi phewa louma, bondo losapinda, kapena chiuno chimene chinabvulalapo kale, kuti akugonekeni modziwa. Mukadzuka ndi kuona kuti chala chafa dzanzi, phazi likugwa, kapena katumba watupa ndi kuwawa koopsa, nenani nthawi yomweyo, musadikire kuti mukanene kwanu. Ndipo pamudzi munthu akathyoka, mgonekeni, ikani nsungwi kapena nkhafi yokulungidwa m'chitenje m'mbali mwa chiwalocho kuyambira pamwamba pa mfundo ya kumtunda mpaka kupitirira ya kumunsi, mumange ndi nsalu, ndipo muone kuti zala zikadali zofunda. Musamange ndi luzi kapena mphira molimba, pakuti miyendo yambiri yadulidwa chifukwa cha kumanga kothina kumene kunatseka magazi. Ndodo zoyendera zimene munabwereka ku chipatala, mukachira bwezani.

Abale, tsoka silinunkha. Njinga zamoto zachuluka pa msewu wa m'mbali mwa nyanja, mitengo ya mango ana sadzaleka kukwera, ndipo amai sadzaleka kubereka. Tsiku lina amene adzagone pa tebulo lija, osatha kulankhula kapena kusuntha chala, ndi inu, kapena mai anu, kapena mwana wanu. Pa ora limenelo simudzatha kudzipemphera mtsamiro. Nthawi yopempha ndi ino, tiri maso.

Alembi a nthambi awerenge nkhaniyi pa msonkhano ukudzawu, ndipo amasulire m'Chitonga kwa akuluakulu amene afuna kumva bwino. Nthambi iri yonse isankhe anthu awiri, bambo ndi mai, okapereka mafunso awa kwa komiti ya chipatala cha kwao, ndipo yankho limene adzalandire alitumize kuno kuti tidzalisindikize.